Dzanja pa Waya

Bambo ake a Chitsanzo, a Sailesi, anamwalirira ku Springs, ku Joni, mu 1996, chifuwa cha m'migodi chitawamaliza. Mtembo unapita kumudzi ku Ntcheu, koma Chitsanzo anatsala. Analibe mapepala, ndipo akanawoloka malire sakanabwereranso ku Joni. Chimene chinamutsalira n'kungomva dzina lawo pa mauthenga a maliro a wailesi ya ku Malawi.

Ku Edenvale, kumene ankakhala, wailesiyo inkangowira ngati mafuta m'chiwaya. Koma Chitsanzo anali injiniya, kutanthauza kuti analawako zamagetsi kukoleji n'kuthawa mayeso asanafike. Anatola mawaya otayidwa kumafakitale a ku Spartan, nawakulunga pamtengo wa tsache, n'kuukhazika pagudumu la njinga, kuti eriyo izitembenuka kufunafuna kumudzi. Zonsezi anaziimika padenga la kachipinda ka a Elube, azakhali ake, kuseri kwa nyumba ya abwana awo.

Dzuwa litapendeka anakwera padengapo. Azakhali anatsala m'kati, khutu pawailesi.

"Ndazunguza, azakhali. Ikuti chiyani?"

"Ikuyankhula Chibunu."

Anazunguzanso. "Nanga apa?"

"Chipwitikizi. Kani sukulu ija unalekezera pa Mozambiki?"

Gudumu linalimba, ndipo anagwira waya ndi dzanja kuti aukoke.

"Ima pomwepo. Kwathu n'kumeneku."

Anausiya kuti atsike.

"Yathawa. Gwiranso."

Atagwira mawu anabwerera, atasiya anathawanso. Apa m'pamene anazindikira kuti pa zonse zimene anamanga, chida chogwira ntchito chinali iye mwini. Azakhali ndi mawondo awo opweteka sakanakwera padenga, ndipo kukweza mawu a wailesi kukanatulutsa adona m'nyumba. Choncho anaima, dzanja m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho, zimene kukoleji sanachitepo.

Pansi pa malata pankamveka kung'ung'udza kwa mwamuna wowerenga mayina, koma mayinawo sankafika padenga. Kenako anamva azakhali akufwenthera.

"Awatchula?"

"Awatchula. Sailesi, wochokera ku Joni. Mwambo ndi mawa."

"Basi?"

Azakhali anayamba amina kaye.

"Akuti uthengawu ukupita kwa Chitsanzo. Kulikonse kumene ali, abwere adzaike bambo ake."

Mkono unali utachita dzanzi. Wowerenga uja anali atapita kale kwa akufa a eni ake.

"Tsika tsopano, mwanangu."

"Dikirani pang'ono, azakhali. Mwina abwereza."