Khutu la Kumanzere

Mlongo wanga Alfonsi anabwera kutchuthi nthawi yothothola mtedza, ataonda ngati kuti ku Lusakako ankadya mabuku okhaokha. Anali pafupi kumaliza maphunziro a zamalamulo ku yunivesite, ndipo m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Mtenguleni, anthu anali atayamba kale kumutcha loya. Ine Dolika, amene ndinamubereka kumsana ali khanda, ndinaona tsiku lomwelo kuti munthuyu wabwera ndi nkhani. Sankakhazikika. Akakhala pansi ankadzuka, akadzuka n'kukaima pankhokwe kumaiyang'ana ngati ndi yachilendo.

Ndinamupanikiza kudimba tikuthirira mpiru.

"Iwe, walakwanji? Wapatsa mimba mwana wa eni?"

"Ayi achemwali," anatero. "Ikanakhala imeneyo bwenzi amalume atandithandiza."

Kenaka anamasuka. Aphunzitsi awo anali atawauza kuti pobwerera kusukulu aliyense akanene ntchito imene akufuna, kuti amusankhire maphunziro otsala ndiponso malo okaphunzirira ntchitoyo. Anzake ambiri ankathamangira uloya ku Migodi, komwe kunali masuti ndi magalimoto. Ena ankafuna kuweruza milandu. Koma panalinso njira ina. Azungu amene ankatsogolera apolisi anali kulongedza katundu, ndipo boma latsopano linkafuna anyamata ophunzira oti akhale akuluakulu ofufuza milandu.

"Ndakhala ndikupita kukhoti kukamvera milandu," anatero. "Achemwali, mlandu umafera kupolisi usanafike kwa woweruza. Amenya munthu, avomera zimene sanachite, wakuba weniweni ali phee kumowa. Loya amangofika pamaliro. Ine ndikufuna kukakhala kumene mlandu umayambira."

Ndinagwetsa chitini chothirira.

Atate athu, a Matiyasi, samamva khutu la kumanzere. Tili ana, tawuni ya Chipata ikadali Fort Jameson, munthu wakuda ankagula nyama pakawindo ka kuseri kwa butchala. Tsiku lina atate, atavala jekete lawo la kutchalitchi, analowera pakhomo la kutsogolo. Mwini sitolo anaitana wapolisi, munthu wakuda mnzathu, ndipo iye anawamenya khofi limodzi lokha. Khutu linatuluka magazi, n'kufa. Kuyambira pamenepo mawu oti polisi sanatulukenso pakamwa pawo. Ankangoti "ajombo", chifukwa atagwa pansi paja chimene anaona ndi jombo basi. Ufulu utabwera anavina nawo, koma ajombo anakhalabe ajombo.

"Ndiye ukawauza bwanji?" ndinamufunsa.

"N'chifukwa chake sindikugona."

Masiku anatha akuzengereza. Atate ankamutenga kupita naye kutchalitchi, kumunda wa thonje, kwa anzawo, paliponse akunyadira kuti, "Uyu ndiye loya wathu, adzatilankhulira." Alfonsi ankangomwetulira ngati wodwala dzino. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti akapanda kunena, apita ndi bodza, ndipo akanena, mwina sadzapondanso pakhomo pano.

Tsiku loti mawa lake anyamuka, atate anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, akuthothola mtedza. Ndinaona Alfonsi akupita, n'kugwada, n'kukhala pambali pawo monga mwana woleredwa bwino amachitira, maso pansi, mawu otsika. Ine ndinali pakhonde ndi lichero, makutu onse ali komweko. Analankhula bwino mwana uja, Chinyanja chosalala, osaikamo Chingerezi chake chija. Ananena za aphunzitsi, za kukhoti, za anthu omangidwa osalakwa. Pomaliza anati, "Atate, ndikufuna kulowa upolisi."

Atate anapitiriza kuthothola. "Eya," anatero. "Eya, eya. Chabwino."

Alfonsi anadzuka nkhope ikuwala, n'kubwera pakhonde. "Mwamva achemwali? Avomera!"

Ndinamukokera kuseri kwa khitchini. Ndinali nditapsa mtima kwambiri.

"Unakhala mbali iti?"

Anayamba kukanda m'mutu.

"Ndati unakhala mbali iti? Unabadwira m'nyumba muno iwe. Ngakhale nkhuku zikudziwa kuti atate sawalankhulira kumanzere. 'Eya' ameneyo amayankha aliyense amene sakumumva, ngakhale abambo mfumu paguwa."

"Sindinaganize," anatero. "Ndinangokhala pamene panali malo."

"Mphasa yonse ija malo analipo amodzi? Sukulu yonseyi wakaphunzira kunamiza munthu wogontha?"

"Koma ndanena, achemwali. Pakamwa panga zatuluka, ndipo inu ndinu mboni."

"Uloya wakowo ukachitire ku Lusaka. Ine si mboni ya zopusa."

Anachoka. Madzulo anangotsina chakudya, ndipo inenso sichinandilowe. Ndinkamumvera chisoni, komabe ndinkafuna kumutsina khutu.

M'mawa mwake atate anamangirira sutikesi yake panjinga kuti timuperekeze kumsewu waukulu kokakwera basi. Ankakankha njinga, Alfonsi ali kumanzere kwawo, ine m'mbuyo. Tinadutsa madimba, tinadutsa sukulu. Msewu utayamba kuonekera, ndinatsokomola dala. Alfonsi anacheuka, n'kundiona m'maso. Anazungulira kumbuyo kwa njinga n'kukaima kumanja kwa atate. Khosi lake linali litanyowa thukuta, kunja kukuzizira choncho.

"Atate, dzulo sindinanene bwino."

"Nena," anatero atate, akuimitsa njinga.

Zonse zokoma za dzulo zija zinamuthawa. Anangoti, "Sindikhala loya. Ndikufuna kulowa upolisi, ndizikafufuza milandu."

Ndinagwira pakamwa. Atate anayang'ana tayala la njinga nthawi yaitali, kenaka anatsamiritsa njingayo pamtengo.

"Dzulo sindinamve liwu ndi limodzi lomwe," anatero. "Koma ndinaona pamene unakhala. Iwe kuyambira uli mwana sunalakwitsepo khutu. Ndiye ndinati, mwana akasankha khutu limeneli, nkhani yake ndi ya ajombo, eni ake khutuli."

"Pepani atate."

"Ndinati ndione ngati ukwera basi ndi 'eya' uja m'thumba. Ukanakwera naye, ndikanadziwa kuti ujombo unauyamba kale."

Anagwira dzanja la Alfonsi n'kuliika pakhutu lakufalo, n'kulipanikiza.

"Amene anachita izi anali mnyamata ngati iwe, wosalala bwino, wolankhula chilankhulo chathu chomwechi. Nayenso kwawo ankamunyadira. Sindikudziwa zimene anauza atate ake popita, kapena mwina anawauzira kumanzere."

"Ine sindidzamenya munthu, atate."

"Usandilonjeze. Jombo sunazivale."

Basi inamveka kutali. Atate anamasula zingwe, n'kutsitsa sutikesi, n'kuipukuta fumbi ndi chikhatho. Ine ndinkadikira mawu amodzi okha, akuti pita kapena usapite, koma sanabwere. Alfonsi anagwada pafumbi pomwepo, anthu a m'basi akusuzumira m'mawindo.

"Atate, ndidzabwerenso kumudzi?"

"Kwanu n'kwanu, ndani angakuletse?" anatero. "Koma azakhali ako a Magalita ali ku Kapata m'tawuni muja, nyumba yawo ukuidziwa. Ukamabwera, jombo uzizisiya kumeneko. Pakhomo panga uzifika ndi mapazi amene ndinakubereka nawo."

Kondakitala anakuwa kuti tikuwachedwetsa. Alfonsi anakwera, n'kutulutsa mutu pawindo, akufuula chinachake basi ikunyamuka. Atate anali atatembenuza kale njinga. Ndinawathamangira, n'kuwagwira mkono wa kumanja.

"Atate, akuti tsalani bwino."

"Ndamva," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu. "Limeneli ndi lamoyo."