Chigafa Chokhala ndi Matebulo

Mayi Judy Msowoya, eni kalesitilanti ka pa Bolero, ankachita mantha akangomva kulira kwa njinga yamoto, poganiza kuti ndi a ku khonsolo. Chidutsireni mliri wa korona malonda anali asanadzuke, ndipo makasitomala ochepa amene anabwerera ankakana kudyera m'kachipinda kotentha. Choncho mayiwo anamanga chisakasa panja kuti anthu azidyeramo, gulu la malipenga lizivina pambali Loweruka. Koma anamanga osauza khonsolo. Chisakasacho chikanagwetsedwa, lesitilanti nayo ikanathera pomwepo.

Amuna awo, a Amock, anagwirapo ntchito ya umesenjala ku boma, ndipo pa chifukwa chimenechi ankadziwa malamulo onse.

"Amake Temwa, musadandaule," anatero. "Chigafa cha fodya safunsa pulani. Tingopachika fodya kudengaku, basi."

Anakabwereka fodya kwa mlamu wawo ku Mwazisi n'kupachika. Anthu ankadya uku akuyetsemula.

"Mama, nkhuku njokoma chomene," anatero dalaivala wina, "koma tsabola wanuyu ngwa ku okushoni."

Ndiye tsiku lina masana njinga yamoto inaimadi pakhomo. Anatsika a Hezron Chirambo, a ku khonsolo oona za mapulani. Mayi Judy maso anali pa chikwama cha bambowo, poganiza kuti muli penti wofiira wolembera nyumba zoti zigwetsedwe.

A Chirambo anakhala pansi, anayang'ana kumwamba, n'kuyetsemula.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Chigafa, bwana," anayankha a Amock.

"Cha matebulo?"

"Timasankhirapo fodya."

"Ndi masupuni?"

A Amock anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Mayi Judy anaona kuti bodza lafika pothera.

"Bwana, n'chodyeramo. Tinaopa kuti mutigwetsera. Chonde, ana athu amadya pompano."

"Mama, mukanangobwera kudzafunsa," anatero a Chirambo. "Malamulo anafewetsedwa kuti malo odyera, ogona alendo ndi a magule adzukenso. Chisakasa ngati ichi sichifunanso pulani yojambulitsa. Mumangotidziwitsa, ife n'kudzaona ngati chatalikira msewu, ngati pali chimbudzi ndi posamba m'manja. Koma kufewetsa si kuchotsa. Nsanamira ziwiri zakutsogolozi zayandikira msewu, muzibweze m'mbuyo. Ndipo fodyayu atsike lero. Chimene chikanakutseketsani ndi iyeyu, osati chisakasa."

"Yewo chomene, bwana," anatero mayiwo.

Anasuntha nsanamira, anaika ndowa ndi sopo pakhomo, fodya anabwerera ku Mwazisi. Loweruka lotsatira malipenga analira poyera. Alendo opita kukaona nyama ku Kazuni anaimitsa galimoto, anaonera gule, anadya, ndipo palibe anayetsemula. A Amock ankazungulira matebulo kuuza aliyense kuti iwo za lamulo latsopanoli ankazidziwa kale.

Ngati muli ndi malo odyera, ogona alendo kapena ochitira zaluso, musabise zimene mwamanga. Pitani ku khonsolo mukafunse zimene zafewetsedwa ndi zimene zikufunikabe. Mwina mukuthawa lamulo limene linabwera kudzakuthandizani.