Lamba wa Makina a aTelala

Makina osokera anali akulira pakhonde la sitolo kuyambira m'mawa. Namwino anali atayala mabuku ake pa tebulo lodulirapo nsalu, koma kuwerenga anali atasiya. Maso ake anali kunsi kwa makinawo, kumene mapazi a bambo ake ankakwera ndi kutsika pa chopondera.

Bambowo anthu onse a mumsewumo ankawatcha aTelala. Anali atakhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri, ndipo mapiritsi ankamwa tsiku limene awakumbukira. Mwana wawo wamkaziyo anali atagwira ntchito ya unamwino kufikira imvi zitayamba kusuzumira m'mphepete mwa tsitsi, komabe chaka chimenecho anabwerera pa benchi la sukulu kukaphunzira mwapadera kasamalidwe ka odwala shuga. Sabata imeneyo anali pa phunziro la mapazi.

"Bambo, miyendo ija inkakuotchani ili bwanji masiku ano?" anafunsa.

"Inachira," anayankha aTelala, osadzutsa mutu pa diresi loyera limene ankasoka. "Inasiya yokha, popanda mabuku akowo. Tsopano ndingaponde ngakhale khala lamoto, osamva kanthu. Ndabwerera ku unyamata."

Namwino anatseka buku lake pang'onopang'ono. Mawu amene bambo ake anawanena monyadirawo ndi omwe aphunzitsi ake ankawaopa koposa. Shuga akakhalitsa m'magazi amawononga mitsempha ya kumapazi. Poyamba mapaziwo amaotcha, kenaka amakhala chete, ndipo phazi likaleka kudandaula mwini wake amayenda pa chilonda osadziwa, kufikira chitaola. Kuchipatala anali ataona amuna amphamvu akulowa ndi kabala konga njere, n'kutuluka mwendo utatsala m'chipinda cha opaleshoni. Anayang'ana pansi pa sitoloyo. Pakati pa tizidutswa ta nsalu pankanyezimira mapini ogwa.

"Vulani nsapato ndione mapazi anu."

Makina anaima.

"Wati chiyani?" ATelala anatsitsa magalasi awo mpaka pansonga ya mphuno. "Khutu siliposa mutu, mwanawe. Nsapato zako zoyamba ndinagula ndine, ndinakuveka ndekha iwe ukulira, mamina ali chuchuchu. Lero undivule zanga pamaso pa msewu wonse?"

"Tilowe m'kati ngati msewu ndiwo ukukuvutani."

"Sindilowa. Mkwatibwi akudikira diresi ili mawa m'mawa. Anzako kusukuluko akuphunzira za mtima ndi za ubongo, iwe unakasankha zala zakuphazi. Kayese mapazi a eni ake, adokotala a zidendene!"

Atatero ananyamula mkono wa diresilo n'kupita kuseri kukausita. Namwino sanataye nthawi. Anagwada kunsi kwa makina, nazembetsa lamba wachikopa amene amalumikiza chopondera ndi gudumu, naukulunga bwinobwino, nauika m'chikwama chake cha mabuku. Kenaka anakhalanso pampando, chikwamacho chili pamiyendo, manja ali pamwamba pake.

ATelala atabwerera anakhala pansi, nayala nsalu, naponda. Chopondera chinakwera ndi kutsika mopepuka, koma singano inangoti duu. Anawerama, nafufuza ndi dzanja.

"Ndani wandibera lamba?"

"Wakuba palibe pano, Bambo. Lamba ali ndi ine, ndipo simumuona mpaka nditaona mapazi anu."

"Iwe! M'sitolo mwanga momwe?"

"M'sitolo mwanu momwe. Ndikulandeni lamba lero kusiyana n'kudzakugulirani ndodo mawa."

Pa nthawi imeneyo amayi ake anatulukira atanyamula tiyi, ndipo anapeza bambo ndi mwana akuyang'anizana ngati atambala awiri m'khola limodzi.

"Taonani mwana wanu," anatero aTelala. "Mwamutumiza kusukulu ali ndi imvi, wabwerako mbava."

"Iwe, bambo ako ndi munthu wamkulu," anatero amayiwo. "Bweza katundu wawo, uwalankhule mwaulemu."

"Ulemu ndawapatsa moyo wanga wonse, Amayi. Koma ulemu sumeretsa mwendo. Inu ndinu mumachapa masokosi awo. Simunaonepo kanthu?"

Amayiwo anaika tiyi pa tebulo, ndipo anatenga nthawi yaitali akukonza makapu amene anali atakhala kale bwino.

"Sokosi yakumanja ikumabwera ndi banga lakuda kunsi," anatero potsiriza. "Iwo anati ndi mafuta a makina."

"Ndi mafuta a makina!" anakuwa aTelala. "Ndiye mwagwirizana, eti? Chabwino. Ine ndinayamba kusoka iwe usanabadwe, ndipo sindigwadira kachikopa."

Anatenga sizasi, nadula mzere wa nsalu yolimba, naupota, naukoleka pa gudumu, naumanga mfundo. Anaponda mwaukali. Gudumu linazungulira kawiri, nsaluyo n'kuterereka. Anamanganso molimbitsa, koma mfundoyo inakola ndi kuduka. Wogulitsa zitsulo wa sitolo yoyandikana nayo anali atayamba kutalikitsa khosi.

"Akulu, makina adwala?" anafunsa mnansiyo.

"Samalani misomali yanu!" anamuyankha aTelala. Anaponya nsaluyo pansi, naimirira. "Tiye m'katimo. Ndikuonetsa mapaziwo kuti uchite manyazi, kenaka undipatse lamba wanga ndi kupepesa."

M'chipinda choyesera zovala munali benchi ndi galasi lalitali lotsamira khoma. ATelala anavula nsapato ndi masokosi okha, osalola kuthandizidwa, nasanjika mapazi pa kampando. Namwino anasamba m'manja, natulutsa m'chikwama kandodo kakang'ono kokhala ndi kaulusi ka nayiloni kunsonga.

"Ndi kameneko kamene mukulipirira sukulu?" anaseka bambowo. "Ulusi ndili nawo wa mitundu yonse m'kabatimu."

"Tambasulani dzanja." Anakanikiza kaulusiko pachikhatho mpaka katapindika. "Mwamva?"

"Ndamva. Kodi ndine mtembo?"

"Tsopano tsinzinani. Ndikhudza kumapazi chimodzimodzi. Mukamva, munene."

ATelala anatsinzina, chibwano chili m'mwamba.

"Ndamva!" anatero nthawi yomweyo.

"Sindinakukhudzeni, Bambo. Ndikadali kuvala magolovesi."

Amayi, amene anaima pakhomo, anagwira pakamwa kuti kuseka kusatuluke. Bambowo anang'ung'udza kuti anamva mphepo, natsinzinanso.

Namwino anakanikiza kaulusiko pa chala chachikulu cha phazi lamanzere. Chete. Anakanikiza kunsi kwa zala, malo ndi malo, akudikira pang'ono paliponse. Anapita ku phazi lamanja, nachita chimodzimodzi. M'chipindamo munkangomveka phokoso la magalimoto a mumsewu.

"Tayamba, iwe," anatero aTelala, maso ali chitsinzinire. "Ukudikira chiyani? Ndili ndi ntchito."

Kuseka kwa amayi kunathera pomwepo.

"Ndamaliza, Bambo. Mapazi onse awiri."

Bambowo anatsegula maso. Mwana wawo anali atagwira phazi lamanja m'manja onse awiri, akuliyang'ana kunsi. Pamwamba linali phazi labwino ndithu, losalala, la munthu wodzisamala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunsi kwa chala chachikulu khungu linali litatupa ndi kutentha, ndipo pakati pa chotupacho panali kabowo kotuluka mafinya, m'kati mwake mukuoneka kachitsulo.

"Amayi, tagonekani galasilo pansi."

Amayiwo analigoneka, ndipo Namwino anapendeketsa phazilo pamwamba pake. ATelala anayang'ana kwa nthawi yaitali. Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso.

"Ndi singano yothyoka ija," anatero motsitsa mawu. "Ndinaifunafuna sabata yatha, ndinasesa sitolo yonse."

"Munali mukuyenda nayo. Mwapita nayo kumsika, mwaponda nayo makina."

"Zula, umange kansalu, ndikasoke."

"Sindizula pano. Sindikudziwa kuti yalowa mpaka pati, ndipo chilondachi chayamba kale kuvunda. Chikufunika dokotala lero lomwe, ndi mankhwala, ndi kuyeza shuga wanu. Komanso phazi ili silipondanso chopondera mpaka chitapola."

"Nanga diresi la mwana wa eni ake?"

"Mkwatibwi akhoza kukwatiwa ndi mpendero wosapinda. Inu simungaponde makina ndi mwendo umene mulibe."

"Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, bambo a mwana," anatero amayi, misozi ili lengelenge. "Inu mufuna mumve mpeni uli pa bondo?"

ATelala anayang'ana mkazi wawo, nayang'ana mwana wawo, nayang'ananso phazi la m'galasi lija ngati la mlendo. Kenaka anakonza tayi.

"Ndipita," anatero. "Koma musaganize kuti mwandigonjetsa. Ndikupita kukatenga singano yanga."

Anafuna kuyenda okha mpaka kumsewu, koma Namwino anaimirira pakhomo osasuntha kufikira galimoto imene anaitanitsa itafika pakhonde penipeni.

Anabwerako dzuwa litapendeka, phazi litakulungidwa bandeji, kachitsulo kaja kali m'kabotolo m'thumba la jekete. Dokotala anali atanena kuti fupa silinakhudzidwe, koma kuti akadachedwa pang'ono nkhani ikadakhala ina. ATelala sanabwereze mawu amenewo kwa wina aliyense. Anakhala pa makina, nasanjika phazi pa kampando, nayamba kuzunguza gudumu ndi dzanja lamanja, lamanzere likuwongola nsalu, mkazi wawo atagwira mchira wa diresi kuti usakhudze pansi. Ntchito inayenda ngati ya nkhono, koma msoko unali wowongoka monga mwa masiku onse.

"Lamba uja?" anafunsa, Namwino akusonkhanitsa mabuku ake.

"Mudzamuona chilonda chikapola. Pakadali pano akukaphunzira nane."

"Mbava ya imvi," anatero bambowo. "Ukalephera mayeso amenewo usadzaponde pakhomo pano."

Galasi lija silinabwererenso ku khoma lake. Linakhala pansi, pambali pa makina, ndipo m'mawa uliwonse, sitolo isanatsegulidwe, aTelala ankakutumula nsapato zawo, navula sokosi ya phazi labwinolo, nalipendeketsa pamwamba pa galasilo. Tsiku lina wogulitsa zitsulo uja anawapeza akutero, nafunsa chimene ankachita.

"Ndikuona ngati galasili lili ndi mng'alu," anayankha aTelala. "Inunso tavulani zanuzo, tione."