Masamba Pamsewu wa ku Nkhulambe

Gulu lathu la njinga linayamba ngati nthabwala. Tinali anthu a pa boma la Phalombe, aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi, ambirife obwera, amene Loweruka linkatitalikira. Wina anati tizipalasa njinga m'midzimu kuti mimba ziphwe. Mimba sizinaphwe, koma tinadziwa tinjira timene galimoto sizipitako. Anthu ankatiseka tikamadutsa, ndipo ine sindiwada. Iwo njinga amanyamulira matumba a nandolo ndi odwala. Ife tinkangopalasa opanda katundu, zipewa zolimba zili kumutu, thukuta lili kamukamu, kulibe kumene tikupita.

Njira ankakonza ndi Lusayo, mnyamata wa ku Karonga wogwira ntchito za ulimi. Tsiku la ulendo ankalawirira pa njinga yamoto, n'kumalemba mivi ya laimu pa mphambano iliyonse, kenako n'kukatidikira kumapeto. Bwenzi lake linali Perpetua, mnzanga amene timaphunzitsa sukulu imodzi. M'gulu lonse, Perpetua yekha ndiye anali mwana wa konkuno.

Ulendo wa Loweruka limenelo unali wolowera ku Nkhulambe, ndipo msewu wake umadutsa pakhomo penipeni pa makolo a Perpetua. Atamva, anakana kwamtuwagalu.

"Bambo akudwala, ndipo iwe sanakuonepo," anauza Lusayo ine ndili pomwepo. "Ukufuna tsiku loyamba akuone uli m'kabudula wothina ameneyu? Amalume a Stafford akangomva, za ukwati uiwale. Kwathu udzapita ndi ankhoswe, utavala thalauza ngati munthu."

Anagwirizana kuti tikayandikira mudziwo tipatukire kumanja, tidzere m'minda ya chinangwa, tikatulukirenso mumsewu nyumba titaipitirira.

Tinadzuka kuli chiperoni. Phiri la Michesi losaoneka, mvula yowaza ija imene siinyowetsa msanga koma siileka. Mivi ya Lusayo tinkaipeza itasungunuka, poti mbuu pang'ono m'matope, ndipo kawiri konse tinaima kukangana kuti ikuloza kuti. Perpetua anali patsogolo chifukwa njira ankaidziwa. Ndinadziwa kuti mtima uli kwa bambo ake, a Eneya, amene chifuwa chinali chitawagoneka kuyambira nthawi yokolola chimanga.

Titakhota pa mtengo wa mango waukulu, Perpetua anagwira mabuleki mwadzidzidzi moti ndinatsala pang'ono kumugunda. Msewu wonse, kuchokera uku kufika uko, unali utayalidwa nthambi zamasamba aawisi.

Palibe anauza mnzake chochita. Tonse tinatsika, amuna anavula zipewa. Masamba pamsewu ndi maliro, ngakhale mwana amadziwa. Ndinayang'ana Perpetua.

"Mudzi ndi waukulu," ndinatero. "Mwina ndi kwina."

Nditangotero tinamva kulira kwa amayi, ndipo kunkachokera kutsogolo kwathu, kumene denga la malata linkaonekera pakati pa nthochi. Perpetua anaisiya njinga igwe yokha. Anathamanga chipewa chili kumutu, nsapato zikuterera m'matope, akukuwa "Bambo! Bambo anga ine!" Ndinamutsatira, anzathu ena akukankha njinga pambuyo.

Pabwalo tinapeza amayi angapo atakhala pansi pakhonde, akulira. Anali amayi a mudzi wina amene ankapita kumsika. Ataona masamba, ndipo podziwa amene akudwala m'mudzimo, anatula madengu n'kuyamba maliro. Amuna anali atayamba kusonkhana pansi pa mtengo, wina atabwera kale ndi benchi. Mayi ake a Perpetua anatulukira kuseri kwa nyumba kuchokera kudimba, khasu likadali m'manja, nsalu ikukwekwereka. Ataona mwana wawo anagwa pansi.

"Ndawasiya akugona! Ndangopita kukathyola ndiwo!"

Chitseko chinali chotseka. Aliyense ankaganiza kuti mnzake walowamo kale, choncho palibe amene analowa. Perpetua anafika pa chitsekocho, dzanja lili m'mwamba, akulephera kuchikankha.

Chinatseguka chokha. A Eneya anaima pakhomo atagwira ndodo, bulangete lili paphewa, owonda ngati bango, akuphethira chifukwa cha kuwala.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

Amayi awiri anathawa osatola madengu awo. Ena anangoti kakasi, misozi ikadali m'masaya. Perpetua anagwada n'kugwira miyendo ya bambo ake, akulira kuposa poyamba. Ine ndinamva chimwemwe, koma chinatha msanga nditaona nkhope za amuna aja. Kulira munthu ali moyo ndi malaulo. Ndiko kumuitanira imfa.

Bambo wina wamfupi wa jekete lakuda analowa pabwalo mosafulumira, ndipo anthu anamupatsa njira. Anali a Stafford, mlongo wa mayi ake a Perpetua, mwini mbumba. Anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana amayi olira aja, kenako ife ndi zovala zathu zothina.

"Masamba ali kumtunda, masamba ali kumunsi," anatero ndi mawu otsika. "Ndaona ndi maso anga. Pakati pake pali nyumba ino. Ndikufuna amene waika."

Anyamata a m'mudzimo anayamba kuyandikira, wina atanyamula mpini.

Ndiye tinamva njinga yamoto. Inachokera kumunsi, inadutsa pamasamba osaima n'komwe, n'kudzaima m'mphepete mwa bwalo. Lusayo anatsika ali ndi kabudula wake uja, akumwetulira ngati munthu amene wapeza mbuzi zake zosochera.

"Aa, muli pano? Ndakudikirani mpaka kutopa. Masamba ndinaika aja simunawaone?"

Munthu wophunzira, wamtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

Anyamata anamuzungulira nthawi yomweyo. Wina anazula kiyi wa njinga, wina anamugwira malaya pakhosi. Kumwetulira kunathawa. Anayamba kufotokoza mwachibwibwi kuti laimu amasungunuka ndi mvula, ndiye anathyola nthambi kutseka njira yosayenera kupita, monga ankachitira kubusa ali mwana pofuna kuuza anzake a m'mbuyo. Anatseka msewu waukulu pamene tinayenera kupatuka, anatsekanso pamene tinayenera kutulukira kuti tisabwerere m'mbuyo.

"Sindinaganize," anatero. "Ndithu sindinaganize."

"Ndiwe yani?" anafunsa a Stafford. "Kwanu anthu safa? Masamba suwadziwa?"

Mpini unakwera m'mwamba. Perpetua anadzuka pa miyendo ya bambo ake, anadutsa pakati pa anyamatawo n'kuima kutsogolo kwa Lusayo, chipewa cha njinga chikadali kumutu.

"Amalume, ndi amene ndinakuuzani uja. Njira yolambalala nyumba ndinamuuza ndine."

A Stafford anayang'ana Lusayo kuyambira kumutu, anaima nthawi yaitali pa kabudula, n'kufika ku nsapato.

"Ameneyu? Mkamwini amene akuyamba ndi kuika apongozi ake m'manda asanawapatse moni?"

"Musiyeni."

Anali a Eneya. Mawu awo anali ochepa moti anthu anachita kutontholetsana kuti amve. Anakhala pa benchi ija inabwerera maliro awo, anatsokomola nthawi yaitali, kenako anakodola Lusayo ndi ndodo. Lusayo anabwera n'kugwada m'matope.

"Ndagona m'nyumbamu miyezi," anatero a Eneya, "odzandizonda ndimawawerenga ndi zala. Lero mwandidzazira bwalo, bambo. Ndawaona amene adzandilire." Anapuma. "Pitani mukachotse masamba anuwo, ndi manja anu, osasiya ngakhale limodzi. Ndipo ankhoswe anuwo afulumire. Masamba ena akadzaikidwa pamsewupo sadzakhala olakwitsa."

Perpetua anagwira pakamwa. Miyezi yonseyi ankatiuza kuti bambo akupezako bwino, ndipo ndikhulupirira ankadziuzanso yekha chimodzimodzi.

Mnyamata wa mpini anautsitsa. Kiyi anamuponyera pansi. Lusayo anapita kumsewu, anthu akumutsatira ndi maso, n'kuyamba kutola nthambi imodziimodzi. Anzathu a m'gulu anafuna kumuthandiza koma a Stafford anakweza dzanja, iwo n'kubwerera.

Ndinkaganiza kuti zatha. Koma a Stafford anayandikira Perpetua, ine ndili pambali pake, ndipo analankhula motsitsa kuti odwala asamve.

"Bambo ako akhululuka chifukwa ndi munthu wa Mulungu. Mudzi sunakhululuke. Mwezi uno ukatha ali moyo, ankhoswe abwere, tidzawalandira. Koma akatisiya mwezi uno, aliyense adzadziwa amene anawaitanira. Ameneyo asadzapondenso pano, ndipo iwe udzasankhe kwanu."

Anatembenuka n'kupita kukathandiza mlamu wawo kulowa m'nyumba. Mwezi unali utangoyamba kumene.

Ulendo unathera pomwepo. Anzathu anatembenuza njinga, ndipo ngakhale masamba anali atachotsedwa, anayenda chokankha mpaka kutuluka m'mudzi. Perpetua anati atsala. Ndinakamutengera njinga yake pamene inagwera paja, n'kuyitsamiritsa kukhoma. Kumunsi, Lusayo anali akadawerama mumsewu, akutola timasamba tomatirira m'matope.

"Ndimuuze chiyani?" ndinafunsa.

Perpetua anavula chipewa chija tsopano, n'kumachitembenuza m'manja.

"Rejoice, ndikupemphera kuti bambo asafe mwezi uno," anatero. "Koma ndikuchita manyazi. Sindikudziwa ngati ndikupempherera iwo kapena Lusayo."

M'nyumba a Eneya anayambanso kutsokomola. Perpetua anatchera khutu. Chifuwacho chinapitirira, chinapitirira, kenako chinaleka. Tinaima pakhondepo tonse awiri, kudikira kuti timve ngati atsokomolenso.