Mapazi a Matayala Awiriawiri

Anzake a pamsewu ankamutchula kuti Safunsa, ndipo dzinalo silinkamuwawa n'pang'ono pomwe. Anali atayendetsa malole aatali mpaka imvi kumera, ndipo ankati dalaivala wofunsa njira kwa munthu wapansi amadziputira yekha mavuto, chifukwa wapansi amakulozera komwe imadutsa njinga yake. Iye anali ndi lamulo lake. Msewu waukulu ukatsekedwa, yang'ana pansi, utsate mapazi a matayala awiriawiri. Pomwe yadutsa lole inzako, iwenso udutsa.

Ulendo umenewu anali ndi mkazi wake, koyamba chikwatirane. Mayiyo anadandaula kwa zaka zambiri kuti amangochapa malaya onunkha dizilo osadziwa komwe amadera, mpaka mwamunayo anatopa n'kumuuza kuti akwere akadzionere yekha. Ngolo ya loleyo inali yodzaza ndi matumba a simenti.

Dzuwa lili pamutu anapeza mlatho utakokoloka ndi mvula. Bambo wina wa mbendera yofiira anawalozera msewu wafumbi wokwera m'mapiri, womwe tsopano unali matope okhaokha. Mapu a pafoni anawaperekeza pang'ono, kenaka anangosanduka oyera. Pamphambano ina anapeza mayi atasenza nkhuni, ataima n'kumawayang'ana. Mkazi wake anati aime amufunse. Safunsa anaseka, n'kumuonetsa ndi chala mapazi akuluakulu okhotera kumanzere, atsopano, madzi asanadzazemo.

Njirayo inayamba kutsika. Poyamba inkatsika mwaulemu, kenaka inachepa, thanthwe mbali ino, phompho mbali inayo. Nthambi zinkakwapula magalasi. Safunsa anasiya kuimba likhweru. Anaika giya yaing'ono, koma simenti inkamukankha kumbuyo ngati munthu waukali pamzere. Mkazi wake anagwira chitseko ndi manja awiri.

Atayandikira pokhota, anayang'ananso mapazi aja. Msewu unkakhotera kumanja, koma mapazi aja sanakhote. Anapitirira mowongoka mpaka m'mphepete, n'kuthera pomwepo.

Anaponda mabuleki pang'onopang'ono. Lole inatsetsereka kaye, ngati ikuganiza, kenaka inaima. Anatsika n'kukasuzumira. Pansi, pakati pa mitengo yothyoka, panagona lole matayala ali m'mwamba, matope ake asanaume. Anaitana, koma palibe anayankha. Hafu ya msewu pokhotapo inali itagwa nayo limodzi. Anabwerera ku lole yake.

Potembenukira panalibe. Chotsala chinali kubwerera chambuyo, kukwera chitunda chonsecho ndi ngolo yolemera. Anauza mkazi wake kuti atsike, akaime kumbuyo kwa ngolo pomwe angamuone pagalasi, azimukodola ndi dzanja. Zoona zake sankafuna womulozera. Ankafuna kuti mayiyo akhale kumtunda, kuti lole ikaganiza zotsata inzake, ipite ndi iye yekha. Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ankaoneka kuti wadziwa, koma anatsika.

Anayamba kubwerera. Matayala ankazungulira, kugwira, kuzunguliranso. Ngolo inkafuna kupinda, iye n'kuiwongola, thukuta likulowa m'maso. Pagalasi mkazi wake ankaoneka wamng'ono, nsapato zili m'manja, akukodola mwakhama ngati ntchitoyo anabadwa nayo.

Ndiye anamva kulira kwa injini. Sinali yake. Inkachokera kumtunda, kuseri kwa thanthwe, kubangula kwa lole yolemera imene ikudzigwira potsika.

Safunsa anamvetsa nthawi yomweyo. Pamphambano paja tsopano panali mapazi a malole awiri, ena pamwamba pa anzake, ndipo dalaivala aliyense wodziwa ntchito akanawakhulupirira. Malo amene anasankhira mkazi wake kuti ndi abwino anali pakati pa ngolo yake ndi chimene chinkabwerachi. Analiza hutala, osaichotsa dzanja. Anatulutsa mutu pawindo n'kukuwira mkazi wake kuti akwere thanthwe, koma mawu ake anamira m'phokoso. Atayang'ananso pagalasi, munalibe munthu.

Kutsika msanga sakanatha, chifukwa akangopepuza phazi lole inkayamba kukwawa. Anakhala pomwepo, akumvetsera. Anamva mabuleki akufwenthera, kenaka phokoso lalitali la matayala okhukhuluzika m'matope, losafuna kutha. Anatchula dzina la Mulungu, kenaka la mwana wawo. Kenaka kunangoti zii.

Anakoka buleki ya pamanja, n'kudikira mpaka lole itakhazikika, n'kutsika kukaponya miyala kutsogolo kwa matayala. Anakwera chitunda akugwa n'kudzuka. Kuseri kwa thanthwe anapeza lole ya thanki yamafuta itaima chopingasa. Mkazi wake anali chilili pakati pa msewu, manja akadali m'mwamba, pafupi ndi bampala moti akanatha kuigwira. Nsalu yake imene ankakupiza poimitsa thankiyo inali pansi pa tayala lakutsogolo.

Dalaivala wa thankiyo, bambo wonenepa wa chipewa, anatsika.

"Pepani achimwene," anatero. "Ndinaona kuti mwadutsa awiri, ndiye ndinati njira ndi yomweyi."

Safunsa anagwira mkazi wake pamkono kuti amutsitse manja, ndipo anali ozizira ngati chitsulo. Ankadikira kuti amukumbutse za mayi wa nkhuni uja, kapena amuponyere mwambi wa phula umene anzake ankamuseka nawo. Akanalandira zonsezo. Koma mkazi wakeyo anangoyang'ana mapazi a matayala otsikira kuphompho, kenaka anayang'ana iye.

"Bambo a mwana," anatero motsitsa, "masiku onse mukachedwa ndinkati muli ndi akazi ena. Bola akanakhala akazi."