Nthambi Pamsewu wa ku Hewe

Ndinene poyera, Hezron Chavula ine sindinkamukhulupirira ngakhale pang'ono. Munthu angapambane bwanji mpikisano womwewo zaka zitatu zotsatizana, pa njinga yolira ngati chitseko cha khola, pamene anzake tikupalasa njinga za magiya ambirimbiri? Ndipo zaka zitatu zonsezo wachiwiri ndinali ine, Greyson Kalimbuka, mwana wa ku Dedza, mlangizi wa zaulimi pa boma la Rumphi. Wachiwiri katatu! Kuofesi anafika ponditcha a Nambala Thu.

Kalabu yathu ya njinga inali ya anthu khumi ndi anayi: aphunzitsi, anamwino, ife a m'maofesi, ndi Hezron, mlimi wa fodya wa ku Hewe, amene ankabwera pa boma Lachisanu n'kugona kwa mlamu wake. Loweruka lililonse tinkakumana pamsika m'mawa n'kuyamba kupalasa, lero ku Bolero, sabata inayo kukalimbana ndi phiri la ku Khondowe mpaka miyendo kunjenjemera. Lamulungu sitinkapalasa, poti wapampando wathu, NyaMsiska, namwino wamkulu komanso mkulu wa mpingo, ankati njinga siidzalowetsa munthu kumwamba. Koma tsiku lalikulu linali mpikisano wa mu Ogasiti, wochokera pa boma kukathera ku Katowo: phula pang'ono, kenako fumbi, mchenga, tinjira ta ng'ombe, ndi kamtsinje koti uwoloke njinga ili paphewa. Chakumapeto, njirayo inkasiya msewu waukulu n'kudutsa pakhomo penipeni pa bambo ake a Hezron.

Apo ndi pamene panagona nkhani.

Bambo akewo, a Manasseh Chavula, anali munthu wosangalatsa, sindikana. Tikadutsa Loweruka ankatiimitsa, kutitulutsira nthochi ndi chindongwa, thobwa la kunoko, ndipo ine ankanditcha "mlangizi wane". Koma chaka chachiwiri muvi wa phulusa wolozera njira unapezeka utaloza kudimba, pafupi ndi pakhomo pawo pomwepo, ine n'kukalowa m'kabichi. Chaka chachitatu ndinali kumbuyo kwa Hezron pang'ono chabe, ndikumuona msana. Atangodutsa kwawo, ng'ombe zonse za m'khola zinakhamukira pamsewu, mkuluyo ali pambuyo ndi kandodo kake, akumwetulira. "Pepani chomene, mlangizi wane, ng'ombe zilije mahara." Ati ng'ombe zilibe nzeru. Ine n'kumati mumtima, ng'ombe zilibe nzeru inde, nanga mwini wake?

Mnzanga Donald, mphunzitsi wa ku Zomba, ndiye ankakolezera moto. "Achimwene, musapusitsidwe. Anthuwa amaimbirana foni. Hezron akangowoloka mtsinje uja amaimba kuti adada, ndadutsa, tsegulani khola."

Chaka chachinayi kalata inali itabwera kale yoti mu Okotobala ndisamukire ku Lilongwe. Mpikisano umenewu unali wanga womaliza. Ndinalumbira kuti sindichoka ku Rumphi ndi dzina la Nambala Thu.

Pamsonkhano wa kalabu ndinaimirira n'kupempha lamulo latsopano: pa tsiku la mpikisano mafoni onse azithimitsidwa, aziikidwa m'thumba limodzi, thumbalo lizitsogola pa galimoto ndi wapampando mpaka ku Katowo.

NyaMsiska anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A Kalimbuka, mukukayikira ndani?"

"Palibe, mayi. Ndikungofuna chilungamo."

Hezron anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Tengani, bwana mlangizi. Mukafuna mutenge ndi nsapato zomwe." Kusekako ndi kumene kunandipsetsa mtima kwambiri. Munthu wosalakwa amakwiya, saseka. Lamulo linadutsa.

Kutatsala masabata awiri, tili pa ulendo wathu wa Loweruka, tinapeza nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu kupitirira Bolero. Aliyense akudziwa tanthauzo lake: pali maliro. Tonse tinatsika, kuvula zisoti, kukankha njinga mwakachetechete mpaka kudutsa nthambi za mbali inayo. Tisanakwerenso, Hezron anafunsa, "Kodi mama, titapeza nthambi pa tsiku la mpikisano, tingatani?"

"Mungatani bwanji? Mutsike," anatero NyaMsiska. "Chikho si kanthu pa maliro."

Donald anandigwira chigongono. "Mwamva? Akufunsiranji zimenezo?" Ndinali nditamva. Foni tamulanda, ndiye wapeza njira ina. Nthambi sizigulidwa, ungothyola mumtengo, kuyala mwana wako atadutsa, anzake onse azikankha njinga ngati opusa. Ndinaiganizira nkhaniyi masabata awiri onse, kuofesi, posamba, ngakhale m'tchalitchi, ndipo ndikamaiganizira inkangokhwima.

Tsiku linafika. Itatsala pang'ono kukwana sikisi koloko ndinayenda ndekha ndi thumba la shuga lopanda kanthu, aliyense akuponyamo foni yake. Ya Hezron ndinaithimitsa ndi chala changa, ndipo thumbalo ndinalimanga ndekha mfundo ziwiri. NyaMsiska anaimba wezulo, ife kuyambapo.

Pa phula ndinkatsogola ine, magiya akugwira ntchito yake. Titalowa m'fumbi, msewu uli ndi timizere tija togwedeza mano, anthu anayamba kutsalira mmodzimmodzi. Donald tayala linamuphulikira tisanafike pakati. Pamchenga tinatsala awiri, ine ndi Hezron, ndipo ndinkamva njinga yake ikulira kumbuyo kwanga, kwiii kwiii, osatalikira, osayandikira. Ndinkacheuka pafupipafupi kuti ndione ngati sakukodola munthu m'mbali mwa njira. Mayi wina atasenza nkhuni anamupatsa moni, ine n'kumati, ameneyu ndi kazitape. Pamtsinje anandipitirira. Ananyamula chinjinga chake ndi dzanja limodzi, kudumpha miyala ngati mbuzi, pamene ine ndinaterereka n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Nditakwera chitunda cha tsidya linalo, iye anali atazimirira pakhota.

Koma miyendo ndinali nayo tsiku limenelo. Ndinadziwa kuti akapanda kunditchera msampha ndimupeza tisanafike ku Katowo. Ndinalowa mtsetse wopita kwawo ndili chiweramire, mphepo ikulira m'makutu.

Ndiye ndinaziona. Nthambi pamsewu, zobiriwira, zongothyola kumene, masamba asanafote n'komwe. Ndendende pamalo pamene ng'ombe zinanditsekera chaka chatha.

Ndinatchera khutu. Zii. Maliro anji opanda wolira? Nyimbo ayi, mfuu ayi, munthu ndi mmodzi yemwe wooneka. Hezron naye osaoneka, kutanthauza kuti iye wadutsa ali pachishalo. Magazi anandiwira. Anthu awa, kusewera ndi imfa chifukwa cha chikho! Ndinaponda mapedulo ndi mphamvu zanga zonse, matayala n'kudutsa pamwamba pa nthambizo, ndipo ndinakuwa, inde ndinakuwa ndithu, "Chaka chino ayi, madala!"

Nditakhota, ndinapeza anthu.

Amuna anali atakhala mbali ino ya njira, akazi mbali inayo, mitu ili pansi. Mkulu wina anali chiimire, dzanja lili m'mwamba, akupemphera. N'chifukwa chake kunali zii. Ndinadutsa pakati pawo penipeni. Mayi wina wachikulire anakoka miyendo yake kuti ndisamuponde, fumbi langa n'kumukuta kumaso. Wopemphera uja analekeza pakati pa mawu. Pafupi ndi khomo la nyumba ndinaona njinga ya Hezron itagona pansi, nambala yake ya mpikisano ikadali pahandulo.

Mabuleki anga anali abwinobwino, ndisaname. Ndikanatha kuima. Koma mutu wanga unali ukadali pa msampha, ukundiuza kuti mwina ndi mapemphero chabe, mwina asonkhanitsa anthu dala, mwina Hezron wabwereka njinga ina ali patsogolo. Ndinadutsa nthambi za mbali inayo ndikupalasabe, osacheuka, mpaka ku Katowo.

Ogulitsa pamsika anaomba m'manja. NyaMsiska, amene anadzera msewu waukulu ndipo sankadziwa kanthu, anandipatsa chikho n'kunena kuti, "Mwachita bwino, a Kalimbuka, mwalimbikira." Zaka zinayi ndikuchifuna chikho chimenecho. Ndinachigwira ngati mbale ya eni.

Tinadikira wachiwiri. Mphindi makumi awiri, makumi atatu, njira ili pululu. NyaMsiska anayamba kuyang'ana wotchi, kenako kuyang'ana ine. Patapita pafupifupi ola, kunatulukira Donald yekha, akupalasa pang'onopang'ono, chisoti chili pahandulo.

"Mayi, kwa a Chavula kwagwa zovuta. A Manasseh atisiya m'mawa uno. Anzathu onse atsalira pamaliro, ine andituma kuti ndidzakuuzeni."

NyaMsiska anagwira pakamwa. Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu munadutsa pomwepo?"

"Ndinadutsa."

"Munatsika?"

Donald, yemwe uja wa "mwamva, akufunsiranji", anali kuyang'ana tayala lake ngati aliona koyamba.

NyaMsiska anatenga thumba la mafoni, kulimbana ndi mfundo zanga ziwiri zija mpaka kumasula ndi mano. Anayatsa foni ya Hezron. Inayamba kulira, kulira, osalekeza, mauthenga akulowa motsatizana osonyeza amene anaimba foni ili yothima. Dzina linali limodzi lokha, Vailet, mlongo wake wa Hezron. Koyamba anaimba sikisi koloko itangopitirira mphindi khumi. Komaliza, eyiti koloko itadutsa.

NyaMsiska anandiikira foniyo m'manja. "Lamulo linali lanu. Kampatseni nokha."

Anandiuza kuti ndikweze njinga pa galimoto, ndinakana. Ndinabwerera wapansi ndikukankha, chikho chili m'kachikwama kumsana chikundigunda pamsana sitepe iliyonse. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Tsopano kulira kunkamveka patali, ndipo nthambi zija wina anali ataziyalanso bwinobwino pamene ndinazimwaza. Amuna anasiya kulankhula nditafika. Palibe anandinyoza, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza. Mayi wa fumbi uja anangondiyang'ana n'kukonza chitenje chake.

Hezron ndinamupeza kuseri kwa chigafa cha fodya, atakhala pa chipika, akadali ndi malaya a kalabu. Ndinanjuta patsogolo pake n'kunena pepani. Mawuwo anatuluka owuma, ndipo ndinachita nawo manyazi. Ndinamupatsa foni.

Anayang'ana mndandanda wa mauthengawo nthawi yaitali, chala chikutsika pang'onopang'ono.

"Vailet akuti anakwera pachulu paja pamene pamagwira netiweki," anatero. "Amaimba, amathamangira kunyumba kukaona adada, amabwereranso pachulu. Adada anagwa m'mawa kwambiri, koma sanapite nthawi yomweyo. Amalankhula. Amangofunsa kuti Hezron wafika?" Anapukuta galasi la foni ndi malaya. "Njinga yamoto kuchoka pa boma ndi ola limodzi ndi theka. Ndikanawapeza."

Ndinafuna kunena kuti sindinkadziwa, koma ndani ankadziwa? Si nkhani yake imeneyo.

"Ine ndamvera pa nthambi," anapitiriza. "Ndatsika ngati munthu wodutsa, ndikufunsa kuti kodi zagwa kwa yani, anthu n'kumangondiyang'ana." Kenako anadzutsa mutu. "Mwapambana, bwana mlangizi?"

"Ndapambana."

"Yewo. Mwapalasa bwino lero, ndimakumvani kumbuyo." Anatembenuza foni ija m'manja. "Za ng'ombe zija chaka chatha, munaganiza bwino. Anachita dala. Muvi wa phulusa uja anasinthanso ndi iwo. Ine sindinawatume, ndinamva pambuyo pake, ndipo tinakangana kwambiri, mwezi wathunthu osalankhulana bwino. Ankati mwana wawo asagonje pakhomo pake. Koma nditawauza kuti mukusamuka, anati chaka chino mlangizi wane adutse bwino, wopambana apambane ndi miyendo yake. Anauza onse pakhomo pano kuti ng'ombe zisatuluke mpaka njinga yomaliza itadutsa. M'mawa analawira kukamanga chitseko cha khola ndi waya kuti wina asatsegule mwangozi. Anagwera pomwepo."

Apo ndi pamene ndinazindikira phokoso lina limene ndinkalimva chifikire, pansi pa kulira kwa amayi. Ndinacheuka. Ng'ombe zinali zikadali m'khola, zitaunjikana pachitseko, zikulira njala ndi ludzu. M'chipwirikiti chonsecho palibe anakumbukira kuzitsegulira.

"Njinga zonse zadutsa," anatero Hezron, maso ali pa foni. "Kazitsegulireni."

Ndinavula kachikwama kaja n'kukasiya pansi pa chigafa. Waya anali atapotedwa kanayi, mwamphamvu, ndipo ndinachedwa naye kwambiri ndisanamumasule.