Ladan Apempha Madzi kwa Abale Ake

M'chaka chachitatu cha chilala, ana a Dirir anapasula nyumba zawo, anamanga mitengo ndi mphasa pamsana pa ngamila, n'kulowera kummwera. Mbuzi zinafera m'njira. Tsiku lachisanu ndi chinayi anafika pa chitunda cha miyala yofiira, pomwe munthu ankaona patali mitengo yobiriwira ya pa chitsime cha ana a Magan. Anaima pomwepo, chifukwa mwamuna aliyense wa Dirir wotsika chitundacho sakanabwerako wamoyo.

Kale sizinali choncho. Makolo a Dirir atachoka kumpoto, a Magan ndiwo anawalandira n'kuwapatsa masiku omwetsa ziweto, ndipo mafuko awiriwa anakwatirana mibadwo yambiri. Ladan nayenso anabadwira kwa Magan n'kukwatiwa ndi Rooble wa kwa Dirir. Koma zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, pokangana za ngamila yosochera, mng'ono wa Rooble anawombera Warfa, mlongo wake wa Ladan. Wakuphayo anathawa, mlandu sunakambidwe, ndipo Ladan sanapondenso kwawo, ngakhale pa maliro a mayi ake.

Akuluakulu anakambirana m'mawa wonse pansi pa mtengo wopanda masamba. Kenako Rooble anabwera kwa mkazi wake. Anamupeza akufinyira kansalu konyowa m'kamwa mwa Hibo, mwana wawo wa zaka ziwiri, amene anali atasiya ngakhale kulira. Rooble, maso ali pansi, anamuuza kuti akuluakulu agwirizana kuti apite iyeyo, popeza a Magan sangawombere mwana wawo. Ladan anapatsira kansaluko Sagal, mwana wake woyamba, n'kunyamuka.

Anafika pachitsime dzuwa lili paliwombo. Amuna ankatunga ndi matumba a chikopa akuimba, koma atamuona nyimbo inaduka. Mlongo wake wamkulu Geedi, amene tsopano anali ndi ndevu zaimvi, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osweka.

"Akutuma iweyo? Amuna a kwanuko mfuti amazidziwa, koma miyendo yobwerera kudzapepesa alibe?"

"Achimwene, sindinabwere kudzawaikira kumbuyo. Mwana wanga akufa."

"Iwe imwa, ndiwe wathu. Khala konkuno ukafuna. Koma ana ako ndi a Dirir."

Anamupatsa chibade cha madzi. Ladan anachigwira, ludzu likumuwotcha, koma anachiika pansi osamwa. Ananena kuti adzamwa Hibo akamwa. Anakhala padzuwa pomwepo, pamaso pa anthu onse, mpaka akazi ena anayamba kung'ung'udza kuti mwana wa nyumbayi akafera pachitsime cha bambo ake, manyazi adzakhala a ndani.

Geedi anaitana akuluakulu. Anachedwa, ndipo atatuluka mawu awo anali ochepa. Ziweto za Dirir zimwa masiku atatu, zotsogozedwa ndi akazi okha, amuna atsale pachitunda. Koma nyumba ya wakupha ipereke mtsikana kuti akwatiwe ndi Dalmar, mwana wa malemu Warfa, adzabereke mwana wolowa m'malo mwa wophedwayo. Wakuphayo analibe mwana. Mtsikana yekha wa msinkhu wokwatiwa m'nyumbamo anali Sagal, amene anali atangokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ladan anatembenuka kuyang'ana Dalmar. Anali ataima pambali, mfuti paphewa. Bambo ake anafera m'manja mwake, ndipo tsikuli sanapereke moni kwa azakhali ake. Ladan anagwada, anagwira mwendo wa Geedi, anapempha kuti atenge ngamila zonse za Rooble m'malo mwake. Geedi anayankha kuti ngamila zimenezo ndi mafupa okhaokha, ndipo mawuwo si ake yekha. Chimene analonjeza n'chakuti mtsikanayo azikagona m'nyumba ya mkazi wake, osati ya Dalmar, mpaka mvula itagwa.

Pokwera chitunda, Ladan ankaima kawirikawiri. Anaganiza zokanama kuti akana. Kenako anawerenga ana a pamsasa, amene ena anawabadwitsa ndi manja ake, ndipo bodzalo linamukanika.

Rooble atamva anakana, anakalipa, anatenga mfuti kuti angotsika akafe pomwepo. Amuna anayi anamugwira. Akuluakulu sanachedwe kuvomera. Pamene ankakangana, Sagal anali m'mbali atanyamula mng'ono wake, ndipo anamva zonse. Anafunsa mayi ake chinthu chimodzi chokha.

"Amayi, ndikapita lero, Hibo amwa lero lomwe?"

Ladan anagwedeza mutu movomera.

"Ndiye tiyeni, dzuwa lisanalowe."

Akazi anatsika ndi ngamila. Zitamva fungo la madzi zinathamanga, zingwe zinaduka, ndipo ziwiri zinagwa zisanafike n'kufera pomwepo. Hibo anamwa pang'onopang'ono, anasanza, anamwanso. Tsiku lachiwiri anatsegula maso n'kulira. Mayi ake a Rooble sanadikire madziwo, anamwalira zigubu zili m'njira, ndipo anawaika pachitunda, pansi pa mulu wa miyala.

Tsiku lachinayi m'mawa ana a Dirir anamanganso katundu, ulendo wa kumtsinje, masiku ena khumi kummwera. Ladan anatsika ndi Hibo yekha kukatsanzika. Mkazi wa Geedi anamuuza kuti Sagal wapita kukatola nkhuni ndi atsikana anzake, ndiponso kuti mtsikanayo anapempha kuti asamutsatire. Ladan anasiya mpango wake wabwino ndi kambale kamtengo kamene Sagal ankamwera mkaka ali mwana. Anadikirabe pakhomo, akuyang'ana kutchire, mpaka ngamila yomaliza inazimirira kuseri kwa chitunda. Pamenepo anabereka Hibo n'kuthamangira anzake.